Manthu wa Nyerere: Mai Amene Salamula



Mvula yoyamba itagwa mwezi wathawu, mdzukulu wanga wa mu Giredi 6 anandipeza ndiri khale pakhonde madzulo, iye atafumbata kabokosi ka macesi. M'kabokosimo munali kacirombo kakuda, kakakulu ngati nyemba, ka mimba yonenepa, kopanda mapiko. Anati anakapeza kuseri kwa nkhokwe kakukumba pansi. Ndisanatsegule pakamwa, anandiponyera funso limene linandisowetsa pothawira.

"Agogo, aphunzitsi anatiuza kuti nyerere ziri ndi mfumukazi yao, ndipo ine ndaipeza, nayi. Koma inu tsiku lija munatiwerengera m'Buku la Miyambo kuti nyerere ziribe mfumu. Nanga zoona ndi ziti?"

Mwana akafunsa motere si bwino kumkalipira kapena kumuuza kuti ayambe wakula. Akaona kuti za kusukulu ndi za kunyumba zikutsutsana, ndipo akulu akuzemba kumasulira, tsiku lina adzataya cimodzi mwa ziwirizo, mwinanso zonse. Conco ndinamuuza kuti abwezere kaciromboko pamene anakatola, ndipo ndinamlonjeza yankho. Yankholo ndalilemba pano, poganiza kuti ana ofunsa motere alipo m'nyumba zambiri.

Mwacidule, aphunzitsi sanalakwe, ndipo Buku silinalakwe. M'mudzi wa nyerere mulidi yaikazi yaikulu imene mabuku amaicha mfumukazi. Koma mfumukazi imeneyi siweruza milandu, sigawa nchito, situma mthenga kwa wina aliyense. Nchito yake ndi kubala. Makolo athu, amene ankakumba culu kufuna mai wa ciswe, anali nalo liu loyenera: ankati manthu. Liu limeneli likukwanira bwino pa mai wa nyerere, ndipo ndilo ndigwiritse nchito m'nkhani ino.

Ciswe si nyerere

Tiyambe tasiyanitsa zinthu ziwiri zimene ana ambiri amazisokoneza. Azungu akale anacha ciswe "nyerere zoyera", koma ciswe ndi nyerere si pacibale. Abale a nyerere ndi njuci ndi mavu. Abale a ciswe ndi mphemvu. Mukayang'anitsitsa muona kuti nyerere iri ndi ciuno cowonda ngati ca mavu, ndipo tinyanga take n'topindika ngati cigongono. Ciswe ciribe ciuno, thupi lake n'lofewa, tinyanga take n'towongoka. Mapiko anai a inswa ndi olingana, pamene nyerere ya mapiko iri ndi akutsogolo aatali kuposa akumbuyo. Ngakhale kakhalidwe ka pabanja n'kosiyana. Pa ciswe, anchito alipo aamuna ndi aakazi, ndipo manthu amakhala ndi mwamuna wake. Pa nyerere, anchito onse ndi asilikali onse ndi aakazi, ndipo manthu ndi wamasiye kuyambira tsiku la ukwati wake.

Inswa zimene timakazinga ndi ana a ciswe amene atuluka kukamanga midzi yatsopano. Mafulufute ndiwo nyerere zenizeni, zimene akatswiri amazicha Carebara vidua. Fulufute wamkazi amatalika masentimita 2 kapena kupitirira pang'ono, koma ana ake anchito ndi tinyerere tacikasu tosapitirira mamilimita 2, tokhala pansi pa nthaka, kawirikawiri pafupi ndi culu ca ciswe. Munthu wosadziwa sangavomere kuti ndi mai ndi ana ake. Tikamakazinga mafulufute aakazi, tikukazinga amanthu amene sanayambe kumanga.

Kubadwa ndi ukwati wake

Nyerere iliyonse imayamba iri dzira, kenaka mphutsi yopanda miyendo, kenaka imagona osadya, mitundu ina m'kati mwa cikwa, kufikira itasanduka nyerere yokhwima. Tinthu toyera timene nyerere zimathawa nato mukatukula mwala, ambiri timati ndi mazira, koma nthawi zambiri ndi mphutsi ndi zikwa. Mazira enieni ndi aang'ono kwambiri, ngati timisere ta mgaiwa.

M'mitundu yambiri ya nyerere, dzira limene lidzakhale manthu silisiyana ndi limene lidzakhale wanchito. Kusiyana kumabwera ndi kaleredwe. Mphutsi yaikazi imene yadyetsedwa mokwanira pa nyengo yoyenera imakula thupi, nimera mapiko, nikhala ndi ziwalo zonse zoberekera. Inzake imene yalandira zocepa imakhala wanchito. Oleza mphutsizo ndi anchito, motero tinganene kuti manthu amapangidwa ndi anamwino ake. Mudzi waung'ono sulera ana a mapiko. Umayamba wakhwima, cifukwa kulera ana otere kumadya cakudya cambiri.

Ana a mapikowa, aamuna ndi aakazi, amadikira pansi osagwira nchito kufikira tsiku lao litakwana. Kuno kwathu tsikulo limadza ndi mvula, nthaka ikafewa ndi mpweya ukakhala wa cinyezi. Midzi yambiri ya mtundu umodzi imatulutsa ana ao pa nthawi imodzi, kuti wamkazi wa mudzi uno akomane ndi wamwamuna wa mudzi wina. Amakwatirana m'mwamba kapena pansi pamene atera. Kwa wamwamuna moyo umathera pomwepo: sagwira nchito, samanga, ndipo patapita masiku owerengeka amafa. Wamkazi amasunga mbeu ya mwamunayo m'kathumba ka m'mimba mwake, iri yamoyo, ndipo mbeu ya tsiku limenelo ndiyo adzaberekere moyo wake wonse. Sadzakwatiwanso.

Tsiku la ukwatili ndi tsikunso la maliro ambiri. Mbalame, abuluzi, acule, nkhuku, nyerere za midzi ina, ndi ife anthu tomwe, tonse timadikira phwando. Mwa aakazi ambirimbiri amene amauluka, opulumuka mpaka kumanga mudzi ndi ocepa zedi.

Yekha m'kacipinda

Wopulumukayo akatera, nchito yake yoyamba ndi kuthyola mapiko ake. Amawakankha ndi miyendo mpaka atathothoka, ndipo zipsera zake zimatsala pamsana moyo wonse. Kacirombo ka mdzukulu wanga kanali pa msinkhu umenewu. Kenaka amafuna malo ofewa, pansi pa mwala kapena pa cikuni coola, nakumba kadzenje, nalowamo, natseka khomo ndi dothi iye ali m'kati.

M'kacipinda ka mdima kameneka amakhala milungu ingapo osatuluka, osadya. Amaikira mazira owerengeka, nawanyambita kuti asacite nkhungu. Mphutsi zikaswa zimafuna cakudya, koma iye alibe nkhokwe. Nkhokwe yake ndi thupi lake. Mafuta amene anacoka nao kwao, pamodzi ndi minofu ikuluikulu ya m'cifuwa imene inkakupiza mapiko, zimasungunuka pang'onopang'ono, ndipo iye amadyetsa nazo ana kupyolera m'malovu ake. Amaikiranso mazira ena osaswa, ongodyetsera mphutsi. Iye amaonda, ana akunenepa. Mafuta akatha ana asanakhwime, mudzi umafa usanabadwe. Si mitundu yonse imene imatero: amanthu ena amatuluka kukasaka, ena amacoka kwao ndi gulu la anchito. Koma njira ya kudzitsekera ndiyo yofala.

Anchito oyamba amabadwa aang'onoang'ono, popeza analeredwa pa njala. Iwo ndiwo amabowola khomo, natuluka kukafuna cakudya, nadzadyetsa mai wao. Kuyambira pamenepo manthu amatula nchito zonse: kukumba, kulera, kusaka, kuteteza. Imamtsalira imodzi yokha, ya kuikira mazira. Ambiri a iwo saonanso dzuwa kufikira imfa, pokhapokha mudzi ukamasamuka.

Kumene amakhala

Akatswiri alemba kale mitundu ya nyerere yoposa 14,000, ndipo mu 2022 ena anawerengera kuti pa munthu mmodzi aliyense wa pa dziko lapansi pali nyerere pafupifupi mamiliyoni awiri ndi theka. Mitundu yoculuka cotere singakhale ndi nyumba ya mtundu umodzi. Zambiri zimakumba pansi; zina zimakhala m'mitengo yofumbwa, m'mphako, m'ming'alu ya zipupa zathu. M'madera otentha a mu Africa muli nyerere zofiira zimene zimasoka masamba a mango kapena a malalanje kukhala cisa, ndipo ulusi wake zimautenga kwa mphutsi zao, zitazinyamula kukamwa ngati singano.

Kulikonse kumene mudzi uli, manthu amakhala pa malo otetezeka koposa, pamene sipatentha kwambiri, sipazizira, ndipo sipauma. Alibe mpando wacifumu kapena cipinda cokongoletsedwa. Nthawi zambiri amapezeka pakati pa mulu wa mazira ndi mphutsi, atazunguliridwa ndi anchito amene amamnyambita, kumdyetsa pakamwa ndi pakamwa, ndi kunyamula dzira lirilonse likangotuluka. Madzi akalowa m'cisa, kapena khasu likagumula denga, anchito amathawitsa ana, ndipo manthu amamtsogolera, kumkoka, mwinanso kumnyamula. Pa msamuko, amene amasankha malo atsopano ndi anchito ofufuza. Manthu amangopita kumene akumtengera.

Mphatso yake ndi zaka zake

Pali cinthu cimodzi codabwitsa pa kaikiridwe kake. Dzira likamatsika, manthu angathe kulithira mbeu ya m'kathumba kaja kapena kulilola lidutse lopanda mbeu. Dzira lothiridwa mbeu limabala yaikazi, wanchito kapena manthu wam'tsogolo. Dzira lopanda mbeu limabala yaimuna. Ndiye kuti nyerere yaimuna iribe atate, iri ndi mai okha. Woyamba kuzindikira lamulo limeneli anali wansembe wa ku Silesia woweta njuci, Johann Dzierzon, mu 1845. Iye analiona pa njuci. Pambuyo pake kunadziwika kuti nyerere ndi mavu zimatsata lamulo lomwelo.

Codabwitsa cina ndi kutalika kwa moyo wake. Yaimuna imakhala milungu yowerengeka. Wanchito amakhala miyezi, akatalikitsa caka cimodzi kapena zitatu. Koma manthu amakalamba kuposa galu wa pakhomo. Mngerezi wina, John Lubbock, ankasunga nyerere m'nyumba mwake pakati pa magalasi, ndipo manthu mmodzi amene anamtenga mu 1874 anafa mu 1888. Mjeremani wina, Hermann Appel, anasunga manthu wa kanyerere kakuda ka m'minda ya ku Ulaya kwa zaka pafupifupi 29. Taganizani: mwana wobadwa caka cimene manthu ameneyo anathyola mapiko, anakula, nakwatira, nabala ana, iye akali kuikira mazira ndi mbeu ya tsiku limodzi lija.

Nanga wolamula ndani?

Dzina lakuti mfumukazi linacokera ku Ulaya, ndipo linayambira pa njuci. Anthu a kumeneko, pokhala ozolowera mafumu, ataona njuci imodzi yaikulu pakati pa zinzake anaganiza kuti ndiyo mfumu, ndipo kuyambira masiku a Aristotle ambiri ankaiyesa yaimuna. Mu 1609 mbusa wa ku England, Charles Butler, analemba buku lofalitsa kuti "mfumuyo" ndi yaikazi. Mu 1747 mbusa mnzake, William Gould, polemba za nyerere za kwao, anagwiritsa nchito dzina lomwelo. Anakonza za umuna ndi ukazi, koma ganizo la ufumu linatsalira m'dzinamo, ndipo ndi limene lasokoneza mdzukulu wanga.

Amene apenyetsetsa moyo wa nyerere kwa zaka zambiri sanapezemo wolamula. Mai Deborah Gordon, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Stanford ku America, kuyambira m'zaka za m'ma 1980 akhala akuyendera midzi mazana angapo ya nyerere zotuta mbeu m'cipululu ca kumalire a Arizona ndi New Mexico, caka ndi caka. Iwo anapeza kuti nyerere imasankha cocita potengera zinzake zimene ikukomana nazo. Ikagundana tinyanga ndi inzake, imamva fungo losonyeza nchito imene inzakeyo ikucokera. Wotuta amene ali pakhomo akaona kuti anzake akubwerera ndi mbeu motsatizana msangamsanga, nayenso amatuluka. Akamabwerera mwa apo ndi apo, amakhala m'nyumba. Motero cakudya cikaculuka kunja otuta amaculuka, cikacepa amacepa, popanda kapitao woimba belu. Manthu ali pansi kutali, sadziwa n'komwe ngati kunja kwaca.

Njira zimene timaziona m'khichini zimapangidwa cimodzimodzi. Nyerere imene yapeza shuga imabwerera ikusiya fungo pansi. Zina zimatsata fungolo, ndipo zikapeza shuga nazonso zimawonjezera. Shuga akatha palibe wowonjezera, fungo limauluka, njira imafa. Mukapukuta ndi cala pakati pa mzere wao mudzaona zikubalalika kwa kanthawi, cifukwa mwafafaniza uthenga.

Liu lokha limene manthu amalankhula kwa ana ake ndi fungo la thupi lake. Anchito omnyambita amalitenga nalifalitsa m'mudzi monse. Tanthauzo lake ndi lakuti mai alipo, ali bwino, akubala. M'mitundu yambiri anchito angathe kuikira mazira opanda mbeu, obala zazimuna zokha, koma fungo la mai likamamveka saikira. Mu 2010 akatswiri a ku Copenhagen, m'dziko la Denmark, anapatula mafuta enieni a pakhungu la manthu amene amacita zimenezi mwa kanyerere kakuda kaja.

Kunena zoona, mphamvu zambiri ziri m'manja mwa anchito. Ndiwo amamuyezera cakudya, ndipo kuculuka kwa mazira ake kumatsata cakudyaco. Ndiwo amasankha mphutsi zoti zinenepe. M'mitundu ina amanthu awiri kapena atatu amathandizana kuyamba mudzi, koma anchito oyamba akangobadwa mtendere umatha, ndipo amatsala mmodzi; enawo amaphana okha kapena amaphedwa ndi anchitowo. Mfumu yotani imene anthu ake amaiyezera nsima?

Amanthu awiri a kwathu kuno

Tonse timalidziwa linthumbu, mlendo amene amatulutsa banja lonse m'nyumba pakati pa usiku. Koma ocepa mwa ife anamuonapo manthu wake. Iye ndiye nyerere yaikulu koposa zonse pa dziko lapansi: amafika masentimita 5, kutalika ngati cala cakaniso, ndipo alibe maso, alibenso mapiko cibadwire. Mwa mitundu ina ya linthumbu, manthu mmodzi amaikira mazira mamiliyoni 3 kapena 4 pa mwezi, ndipo mudzi wake ungapose anchito mamiliyoni 20. Popeza sauluka, amuna ndiwo amamfuna. Kacirombo kofiirira, kotalika, ka mimba ngati soseji, kamene kamagunda nyali usiku n'kumapinda mimba ngati kakufuna kuluma, ndiko linthumbu lalimuna, ndipo kalibe mbola. Kakapeza mzere wa linthumbu kamatera, anchito nakathothola mapiko, nakatengera kwa namwali wao. Manthu wa linthumbu sayamba yekha m'kadzenje. Mudzi ukakula kwambiri umagawika pawiri, gulu lina ndi manthu wakale, gulu lina ndi watsopano. Cakudya cikatha pa dera limodzi onse amasamuka, manthu akuyenda pakati pa khamu lomchinga.

Winayo ndi manthu wa ciswe, mwini dzinali. Ngakhale si nyerere, moyo wake ukutsimikiza mfundo yomweyo. Pansi pa culu cacikulu pali kanyumba ka dothi louma gwa, ka timabowo tongokwana anchito. M'menemo muli iye ndi mwamuna wake, amene analowamo ali inswa ziwiri. Mimba yake imatupa mpaka kutalika masentimita 10, yoyera, yogundagunda, ndipo iye sangathe kuyenda ngakhale kutuluka pa timabowo tija. Amaikira mazira zikwi zambiri tsiku lirilonse, ndipo amakhala zaka zoposa 10. Amene anamuonapo akudziwa kuti palibe cacifumu pa iye. Ndi mai amene wadzipereka thupi lonse ku kubala, wodalira ana ake pa ciriconse.

Manthu akafa

M'mitundu yambiri ya manthu mmodzi, imfa yake ndi imfa ya mudzi, ngakhale siidza tsiku lomwelo. Anchito amapitiriza kututa ndi kusesa monga kale, cizindikiro cina cakuti sankadikira lamulo lake. Koma wofa salowedwa m'malo, ndipo pakatha miyezi kapena caka mudzi umangoti zii. Midzi ya m'cipululu ija imene Mai Gordon amaiyendera imakhala zaka 20 kufikira 30, ndiwo moyo wa manthu wake.

Ilipo mitundu imene inapeza njira ina. Ku India kuli nyerere yodumpha yochedwa Harpegnathos. Manthu akafa, anchito amapikisana pomenyana ndi tinyanga kwa masiku ambiri, ndipo opambana owerengeka amayamba kubala. Wanchito wamba wa mtunduwu amakhala miyezi ngati 7, koma amene walowa m'malo mwa mai amafika zaka 4. Mitundu inanso imasunga amanthu ambiri m'mudzi umodzi, moti mmodzi akafa palibe cimene cimasintha.

Phindu lake pakhomo

Kudziwa zimenezi kungatipulumutsire ndalama. Amai ambiri amadandaula kuti athira madzi otentha, athira parafini, apopera mankhwala, koma tinyerere ta m'kabati tikubwerabe. Cifukwa cake n'cakuti nyerere zimene timaziona ndi gawo laling'ono la mudzi, ndipo zambiri mwa izo ndi nkhalamba, pakuti nchito ya kunja, pokhala yoopsa, imagwiridwa ndi anchito okalamba. Manthu ndi ana ali m'cipupa kapena pansi pa simenti, ndipo m'milungu yocepa amabweza onse amene mwapha. Tinyerere tina ta m'nyumba za m'tauni tiri ndi amanthu ambiri. Mukatipopera timagawikana, ndipo pamene panali mudzi umodzi pamakhala itatu.

Cothandiza coyamba ndi kuzimana cakudya: kutseka shuga ndi uci m'zitini zothina, kusesa nyenyeswa, kutsuka njira zao ndi sopo, kumata ming'alu, ndi kuimika miyendo ya kabati m'tizitini ta madzi. Zikakanika, mankhwala oyenera ndi a nyambo, aja osapha msanga, amene anchito amawanyamula okha kukadyetsa manthu. Muwaike kumene ana ndi nkhuku sangafike, ndipo musathire mankhwala a m'munda m'nyumba yogona kapena pafupi ndi cakudya. Za culu nazo, okumba adziwe kuti kucotsa manthu si nthawi zonse kumapha ciswe, cifukwa nthawi zina cimalera wina wolowa m'malo.

Komanso si mudzi uliwonse umene uyenera kuphedwa. Nyerere za m'munda zimafukula nthaka kuti madzi ndi mpweya zilowe, zimadya mbozi ndi mazira a tizirombo, ndipo midzodzo imasaka ciswe comwe cimatidyera cimanga. Linthumbu ndi loopsa kwa nkhuku za m'khola, kwa khanda ndi kwa wodwala amene sangathe kudzuka, ndipo awa tiyenera kuwacotsa msanga likafika. Koma likadutsa limasiya nyumba yopanda mphemvu. Culu cimatipatsa inswa, bowa ndi dothi la njerwa. Tilimbane ndi mudzi umene walowa m'nkhokwe kapena m'denga, wa kuchire tiusiye.

Yankho kwa mdzukulu

M'mawa mwake tinapita awiri kuseri kwa nkhokwe. Pamene anabwezera kacirombo kaja panali kadothi katsopano, khomo litatsekedwa kale. Ndinamfotokozera zonse ndalembazi monga mwa msinkhu wake, ndipo ndinamuuza kuti mau a m'mutu 6 wa Miyambo akunena zimene akatswiri anadzazipeza ndi magalasi ao: nyerere zimagwira nchito pa nyengo yake popanda woziyang'anira. Aphunzitsi anachula dzina la m'mabuku, Buku linanena za khalidwe, ndipo makolo athu anapereka dzina logwirizana ndi khalidwelo.

Anakhala cete pang'ono, kenaka anati, "Ndiye kuti manthu ali ngati agogo aakazi, amene anabala tonse pano?" Ndinamuyankha kuti afanana pa kubala ndi pa kudzimana cakudya cifukwa ca ana, koma asiyana pa cinthu cimodzi: agogo ake aakazi amalamula ndithu, ndipo ine ndine mboni. Mwini nkhani anamva ali m'khichini, ndipo mlandu umenewo sunathe mpaka lero.

Mwanayo anazika kamtengo pambali pa kadothi kaja kuti wosesa asapondepo. Tsiku ndi tsiku akacoka kusukulu amayamba wapita kukasuzumira, ndipo kawiri konse ndamletsa kufukula. Ndamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha: ngati mai uja ali moyo, tsiku lina mvula isanathe padzabowoka kabowo, ndipo padzatuluka tinyerere tating'ono tiwiri kapena titatu. Mwinanso sipadzatuluka kanthu, pakuti ambiri amafera m'kacipindamo. Zimenezonso ndamuuza.

Inunso makolo, mvula ino mwana akakubweretserani kacirombo m'kabokosi, musamthamangitse. Khalani naye pansi, muyang'ane ciuno, muyang'ane zipsera za mapiko pamsana, ndipo mukabwezere limodzi pamene anakatola.

Tsalani bwino, tidzacezanso mwezi wamawa.